Mmene tinamangira laibulale ya m'mudzi mwathu ku Kasungu

Ine ndinali mlembi wa komiti, choncho pepala lililonse la ntchitoyi linadutsa m'manja mwanga. Anthu a midzi yoyandikana nafe akabwera kudzaona nyumbayi amayamba ndi funso limodzi, lakuti ndalama tinazipeza kwa ndani. Ndimawauza kuti ndalama zinabwera mochedwa, titayenda kale ulendo wautali ndi mapazi athu.

Chinatidzutsa ndi ana. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ndi odzaza, buku limodzi ana angapo, ndipo belu likalira mabuku amabwerera m'kabati. Mwana amafika sitandade 4 akuwerengabe mogwagwaja. Kuno ku Kasungu sitisowa chitsanzo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nayamba kubwereka mabuku m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, mpaka anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14. Pamsonkhano woyamba pansi pa mtengo wa mango, dzina lakelo ndi limene linatseka pakamwa anthu amene ankati mabuku sadyedwa.

Tinayambira kwa anyakwawa, nkhani n'kupita ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako ku komiti ya chitukuko ya dera lonse (ADC) kumene kumakhala Gogo Chalo. Apa sipanavute. Povuta panali pa malo.

Bambo wina wamtima wabwino anaimirira pamsonkhano n'kupereka munda wa m'mbali mwa msewu. Tinaomba m'manja, achinyamata n'kuyamba kulambula. Patapita sabata ziwiri kunabwera agogo aakazi ndi ndodo yawo, anakhala pansi pakhonde panga, n'kunena modekha kuti, "Aphunzitsi, mkamwini sapereka munda. Dothi limenelo ndi la mbumba yathu." Ankanena zoona, ndipo tonse tinkazidziwa koma chimwemwe chinatiphimba m'maso. Tinaimitsa makasu. Tinapita kwa mwinimbumba, iye anaitanitsa alongo ake onse kuphatikizapo amene anakwatiwa ku Santhe, ndipo anakambirana okha ife tili panja. Anavomera kupereka theka la mundawo. Pamenepo ndi pomwe tinalemba kalata ya malo, amayi onse a mbumba n'kudinda zala, anyakwawa ndi agulupu n'kusayina, chidindo cha Gogo Chalo pamwamba. Zinatidyera miyezi iwiri, koma kalata imeneyo ndi yomwe aliyense anaifunsa pambuyo pake. Amene mukufuna kuyamba, musadule ngakhale chitsamba chimodzi musanaipeze.

Zotsatira zinali za kuboma. Tinalemba malamulo oyendetsera gulu, mayina a komiti ndi zokambirana za misonkhano, n'kukalembetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti tidziwike ngati gulu la m'dera. Ndi chikalata chimenecho tinatsegula akaunti ku banki, osayinira atatu: wapampando, msungichuma ndi ine. Tinagwirizana kuti atatuwa asakhale apachibale.

Makalata opempha thandizo ndinalemba ambiri, ndipo ochuluka sanayankhidwe. Bungwe lina lachifundo lakunja linayankha, koma osati ndi ndalama. Linatumiza mafunso pa imelo. Malo ndi a yani? Mudzi upereka chiyani? Adzatsegula chitseko tsiku ndi tsiku ndani, nanga ife tikachoka adzamulipira ndani? Funso lomalizali linatigoneka ndi mutu, chifukwa tonse tinkalota khoma ndi malata, za munthu wosunga kiyi palibe anaziganizira. Awiri a ife tinakwera basi kupita ku Lilongwe ku National Library Service, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo limalandiranso mabuku kuchokera ku Book Aid International ya ku UK. Tinaona ndi maso mmene mabuku amasanjidwira ndi mmene kaundula wa obwereka amalembedwera. Pobwerera tinawonjezera m'pempho lathu sola yapadenga, kuti ndalama zotchajitsa mafoni zizilipira woyang'anira. Bungwe lakunja lija linavomera.

Gawo la mudzi linali mchenga, miyala, madzi ndi manja. Tinali titakonza zowotcha uvuni wa njerwa, koma wa zomangamanga kukhonsolo anatikumbutsa kuti malamulo a 2018 salola njerwa zootcha pa nyumba zogwiritsidwa ntchito ndi anthu onse, pofuna kuteteza mitengo. Ena ananyinyirika, koma aliyense amene waona mmene nkhalango zathera kuno ndi zigafa za fodya sangatsutse. Tinaumba mabuloko a simenti. Lachitatu lililonse linali la chitukuko: amayi ndowa pamutu kuchokera ku mjigo, abambo ngolo za ng'ombe kudambo kukatapa mchenga.

Ndalama sizinabwere zonse pakamodzi. Zinkabwera m'zigawo, ndipo gawo lina silinkatuluka tisanatumize malisiti ndi zithunzi za gawo lapitalo. Chinthu chilichonse chachikulu tinkafunsa mitengo m'masitolo atatu tisanagule. Malisiti ndinkawamata m'kope ndi guluu tsiku lomwelo, ndipo Lamlungu lomaliza la mwezi msungichuma ankawerenga zonse pagulu, mpaka mtengo wa misomali. M'mudzi ndalama yosawerengedwa poyera imabala miseche.

Khoma litafika pamawindo, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Thumba la simenti linakwera mtengo tikuona, malata chimodzimodzi, pamene ndalama zathu zinali zitasinthidwa kale n'kukhala mu akaunti. Ena anati tingokhala chete tidzaone kutsogolo. Ine ndinakana, ndipo usiku womwewo ndinalembera bungwe lija zonse mmene zinalili, ndi mitengo yakale ndi yatsopano. Sanathe kuwonjezera zokwanira, koma analola kuti tisiye chipinda chachiwiri chomwe chinali pa pulani. Nyumba inakhala yopanda denga dzinja lonse, titafunditsa khoma ndi mapepala apulasitiki. Denga linakwera msika wa fodya utatsegulidwa, alimi atagulitsa ku Chinkhoma, aliyense n'kuponya kangachepe. Amayi anasonkha soya ndi mtedza, mbale imodzi pakhomo.

Makatoni oyamba a mabuku atafika tinavina. Titatsegula, onse anali a Chingerezi, ena a nkhani zimene mwana wa kuno sanazionepo. Akusekondale anapindula nawo, makamaka a sayansi ndi masamu, koma mwana wa sitandade 2 amafuna Chichewa. Tinapempha kuti ndalama za penti wakunja tigulire mabuku a Chichewa ku Lilongwe, ndipo mpaka lero khoma lakunja ndi la simenti wosapaka. Sindidandaula nazo ngakhale pang'ono. Buku lililonse tinalidinda, n'kulipatsa nambala m'kaundula. Pansi tinathira mankhwala a chiswe tisanawake, ndipo mashelefu tinawaika motalikirana ndi khoma, chifukwa chiswe chikalowa m'buku simumva phokoso.

Kiyi amasunga mtsikana wa m'mudzi momwemo amene ali ndi MSCE. Amatsegula masana ana akaweruka, ndi Loweruka m'mawa. Agogo aja a mbumba sadziwa kuwerenga, koma amabwera ndi mdzukulu wawo, amakhala pamphasa pafupi ndi khomo, mwana n'kumawawerengera mokweza, iwo n'kumamukonza akalakwitsa mwambi. Pamsonkhano wa mwezi uno tikukambirana za batire la sola, lomwe layamba kufooka, ndi za maziko a chipinda chachiwiri chija omwe akadali poyera kuseri kwa nyumba.