Kondensa yatsopano, koma geji yofiira ikungokwera

Kondensa ya AC ya Toyota Probox yanga, chitsulo chonga radiyeta chimene chimachotsa kutentha kwa gasi woziziritsa m'galimoto, inabooka ndi mwala pa msewu wa M1, ndipo pagalaja ina pa Kasungu boma anandiikira yatsopano n'kuthira gasi. Mphepo yozizira inkabwera pang'ono, kenako kompresa, imene imapopa gasiyo, inkangozima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka. Ndi dzuwa la Okutobala kuno, zimenezo si zopirira.

Ndinabwereka mageji oyezera mphamvu ya gasi kwa alamu anga okonza mafiriji. Yabuluu imalowa kupayipi yonenepa, yofiira kupayipi yaing'ono. Gasi wa R134a kunja kukatentha madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono, yabuluu imayenera kusewera pakati pa 30 ndi 45 psi, yofiira cha m'ma 200 mpaka 250. Yanga yofiira inkadutsa 350 n'kumakwerabe mpaka switch yoteteza kompresa kudula magetsi.

Anzanga pa depoti anati nditulutseko gasi basi. Ndinakana, chifukwa kutero n'kubisa matenda.

Ndinayamba ndi fani, poti ndiyo yosavuta. Ikuyenera kuzungulira AC ikangoyatsidwa, komanso kukoka mphepo kulowera ku injini. Ndinaika pepala kutsogolo kwa kondensa ndipo linamatirira, kusonyeza kuti mawaya sanatembenuzidwe. Pakati pa kondensa ndi radiyeta panali fumbi ndi timasamba, ndinatsuka, geji inatsika pang'ono chabe.

Chimene chinaulula zonse ndi kuyeza galimoto itazima. Ndinaisiya usiku wonse, m'mawa ndinalumikiza mageji injini isanalire. Kunja kunali madigiri 25. Pa kutentha kumeneko R134a weniweni amaonetsa pafupifupi 82 psi mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale mutathira wochuluka kuposa muyeso, nambalayo sisintha kwenikweni, chifukwa wotsalayo amangokhala madzimadzi. Yanga inaonetsa kuposa 100. Chokweza nambala choncho ndi mpweya wamba umene unatsekeredwa m'mapayipi. Mpweyawo susanduka madzi m'kondensa, umangodya malo, kompresa n'kumavutika kukankha.

Nditafunsa kugalaja kuja ngati anapopa mpweya asanathire gasi, anati, "Bwana, tinangouzira gasi pang'ono kuti autulutse." Ambiri amatero chifukwa alibe pampu yokoka mpweya m'mapayipi.

Alamu anabwera ndi pampu yawo. Tinakokera gasi wakaleyo m'silinda, osati kumwaza m'mwamba, kenako pampu inagwira ntchito mphindi 45. Apa musadabwe: mabuku amati geji ifike cha pa 29 inHg (muyeso wa kukoka kwa pampu), koma Kasungu ali pamtunda woposa mamita 1,000, ndiye singano imaima cha pa 26. Si kuti pakudontha ayi. Chofunika n'chakuti mukatseka mavalavu isabwerere m'mbuyo. Yathu inakhazikika kwa theka la ola.

Za mafuta a kompresa tinafunsa dala kugalaja kuja. Kondensa yokha ikasinthidwa, mafuta a PAG owonjezera ndi ochepa, mamililita 30 kapena 40, ndipo ochuluka amalepheretsa kuziziritsa. Anati anathira pang'ono, tinasiya choncho. Drier, kachipangizo koyamwa chinyontho m'gasi, sitinagule chifukwa m'kondensa za Toyota zotere amabwera ali m'kati mwa chitsulo cha m'mbali.

Gasi tinathira pa sikelo, magalamu enieni olembedwa pa stika ya pansi pa boneti, osati kuyerekeza ndi dzanja pa payipi. Injini ili pa 1,500 rpm masana, yabuluu inakhala pa 35, yofiira pa 225, ndipo kompresa sinadulenso. Zikanakhala kuti yofiira ikadali pamwamba yabuluu n'kugwa pansi kwambiri, tikanamasula expansion valve, valavu yochepetsa mphamvu ya gasi, kuona ngati yatsekeka.