Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Abambo ako alipo angati?

M'gawo lathali ndinalekezera pamene ndinakhoza mayeso a Sitandade 4, amayi n'kupha tambala amene tinkasungira Khirisimasi. Chimwemwe chimenecho sichinapite patali. Mu Januwale 1998 ndinalowa Sitandade 5, kalasi imene maphunziro onse, kupatula Chichewa, ankatembenukira m'Chingerezi.

Ife ndife ana a pulayimale yaulere, amene tinakhamukira kusukulu mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi. Tinachuluka moti kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa nimu, bolodi atalitsamiritsa kuthunthu. Kwathu ndi pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ndipo amene anakhalapo m'Chigwa cha Shire akudziwa kuti dzuwa la kuno silicheza. Mthunzi ukasuntha nafenso tinkasuntha, anyamata awiri atanyamula bolodi, ena tikukoka njerwa zathu zokhalira.

Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene ndinakumana ndi alowam'malo a Chingerezi. Aphunzitsi anawandandalika pabolodi: I, you, he, she, it, we, they. Tinawaimba ngati nyimbo ya kusande sukulu mpaka mbuzi zodya makoko a nimu zinatizolowera. Kuloweza kunalibe vuto. Vuto linabwera tsiku limene anatiuza kuti tilembe chimangirizo chofotokoza za banja lathu.

Ndinalemba ndi mtima wonse. Mpaka lero ndimakumbukira mizere itatu: "My father they cut sugarcane at Nchalo. My mother they sell fish. My sister he is in Standard 2."

Mawa lake aphunzitsi anabwera ndi mulu wa makope, langa lili pamwamba. Ndinaganiza kuti ndapambana onse. Anandiimiritsa, n'kuwerenga mzere woyamba mokweza, pang'onopang'ono.

"Iwe, abambo ako alipo angati?"

"Mmodzi, aphunzitsi."

"Nanga amayi ako?"

"Mmodzinso."

"Ndiye they ameneyu akuchokera kuti? Kapena kwanu kuli msonkhano wa azibambo?"

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, ngakhale amene analemba zofanana ndi zangazo. Atafika pa mlongo wanga amene ndinamusandutsa mwamuna, ena anachita kugubuduka pamchenga. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali They, ndipo pali mnzanga wina woyendetsa kabaza pa Ngabu amene amandiitanabe choncho, imvi zili mbuu.

Koma taganizani mmene mutu wanga unkayendera. Aphunzitsi omwewo anatiuza kuti he ndi she ndi "iye", they ndi "iwo". Tsono ine, mwana woleredwa bwino, ndikananena bwanji kuti abambo anga ndi "iye"? Kwathu ukati "iye wabwera" ukunena mnzako kapena mwana. Abambo ndi "iwo", "abwera". Ndinasankha they mwadala, pofuna kuwapatsa ulemu wawo, ndipo cholembera chofiira chinazungulira ulemu womwewo. Sindikuwada aphunzitsi aja, anali ndi ana oposa amene munthu mmodzi angawakwanitse. Koma akanangonena kuti Chingerezi chimawerenga mitu ya anthu, sichiyang'ana msinkhu, ndikanamva tsiku lomwelo.

Za he ndi she n'zimene zimapunthwitsa pafupifupi aliyense wa ife. Chichewa sichifunsa ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. "Wapita kumsika" akhoza kukhala mchimwene kapena mchemwali, timadziwira nkhani imene ikukambidwa. Chisena cha anzathu ambiri a m'kalasimo n'chimodzimodzi, "iye" ndi wa onse. Pamene Chingerezi chimafuna usankhe usanatsegule pakamwa, ndipo ukasankha she uyenera kupitiriza ndi her, ukasankha he upitirize ndi him ndi his. Ndamvapo anthu a madigiri awo akunena "he" kwa mayi woyembekezera, lilime litathamanga kuposa mutu. Inenso ndikatopa zimandichitikira.

Panalinso kachizolowezi kena kamene sindinkakaona. Ndikachotsa they ndinkalemba "My brother he is fishing." Kwa ife "mchimwene wanga akuwedza" ali ndi ka "a" kaja kumayambiriro kwa mneni, kamene kamaloza mwini ntchitoyo ngakhale dzina latchulidwa kale. Ndinkafuna kakhalenso m'Chingerezi. Koma kumeneko mlowam'malo amalowadi m'malo: dzina likakhalapo, iye amachoka.

Amene anandizunguza mutu kwambiri anali it. Ife timati mbuzi yagwa, dengu lagwa, chitini chagwa, kambalame kagwa, chilichonse ndi kayankhulidwe kake. Chingerezi chimangozikokolola zonsezo n'kuziponya mu it mmodzi. Zimenezo ndinazilandira, zinali zopepuka. Koma tsiku lina la mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, aphunzitsi analemba kuti "It is hot." Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, chikutenthacho n'chiyani? Dzuwa kapena mchenga?"

"Palibe. Kukungotentha basi."

"Nanga it akuimira chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta kumaso ndi kansalu. "Iwe They, khala pansi."

Yankho ndinadzalipeza ndekha patapita zaka: chiganizo cha Chingerezi sichikonda kuyamba chopanda mwini, ndiye pamene palibe wochita amaikapo it kuti agwire malo, ngati mwala umene timasiya pamzere wa pamjigo. Ifenso tili ndi ka "ku" ka mu "kukutentha" ndi "kwada", kungoti sitikaona chifukwa tinabadwa nako.

Tsopano nkhani ya you, imene inafika mpaka kunyumba. Lachisanu lina anatituma kuti tikapereke moni wa Chingerezi kwa makolo. Abambo anafika madzulo kuchokera kominda ya nzimbe, thupi lonse lakuda ndi mwaye, pakuti nzimbe amayamba aziotcha asanadule. Atasamba anakhala pampando wawo wa ndalema pakhonde, amayi akupala mlamba, agogo aakazi akupeta mapira. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Good evening, father. How are you?"

Anamwetulira, zinawakomera. Chingerezi chawo chinali cha kuntchito, cha mawu a akapitawo. Anandifunsa kuti liwu lomalizalo limatanthauza chiyani kwenikweni.

"Limatanthauza inu," ndinatero. Ndikanalekera pomwepo. Koma pofuna kuonetsa kuti sukulu ikulowa, ndinawonjezera: "Komanso limatanthauza iwe."

Mpeni wa amayi unaima.

"Ndiye iweyo wanena liti?" anafunsa abambo.

Ndinayesa kufotokoza kuti liwulo ndi limodzi, la mwana ndi la mfumu lomwe, la munthu mmodzi ndi la gulu. Abambo sanakalipe, anangoti "Hmm," n'kuyamba kukonza wailesi yawo. Agogo ndi amene anaika lichero pansi.

"Kodi azunguwo apongozi alibe?"

Funso la agogolo ndinakhala nalo zaka zambiri, ndipo yankho lake linandidabwitsa nditalipeza ndili kale pantchito. Chingerezi chakale chinali naye "iwe" wake, thou, pamene you anali wa anthu ambiri ndi wa ulemu, ndendende "inu" wathu, kapena "imwe" wa Chisena. Anthu anazolowera kupatsana you mpaka thou anafota, cha m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, n'kutsalira m'mapemphero, m'Baibulo la King James la 1611 ndi m'mayankhulidwe a madera ena a kumpoto kwa England. Ndiye kuti madzulo aja abambo ndinawatchula kuti "inu" ndithu. Chodabwitsa china n'choti pemphero limene tinkalakatula pa asembule, pamene ife timati "dzina lanu liyeretsedwe", iwo amati "thy name", kunena kuti dzina lako. Agogo akanamva zimenezo sindikudziwa kuti lichero likanagwera kuti. Anamwalira ndisanawauze.

Pa mayeso a teremu yomaliza chimangirizo chija chinabweranso, mutu womwewo. Ndinalemba za mlongo wanga, she, bwinobwino. Ndinalemba za amayi ndi nsomba zawo za ku Elephant Marsh. Nditafika pa abambo cholembera chinaima. Ndinalemba "My father cuts sugarcane. My father wakes up at four. My father has a bicycle," kuzemba mlowam'malo mpaka mizere isanu. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi nzeru zinandithera, ndipo ndinalemba He, kachilembo kakang'ono kwambiri kuposa ena onse patsambalo.

Ndinapeza 8 pa 10. Pepalalo sindinawaonetse abambo, ngakhale ndinkadziwa kuti sangaone cholakwa chilichonse. Ndinalipinda kanayi n'kulisomeka kudenga la udzu kukhitchini, kumene chiswe chinalipeza mvula yoyamba isanagwe.

M'gawo lotsatira ndidzakusimbirani za ulendo wanga woyamba wokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, pamwamba pa matumba a thonje.