Tinkati ndi dzino chabe

Mwana wanga atayamba kutupa tsaya, tonse pakhomo pano ku Chinamwali tinati ndi dzino. Anali ndi zaka 7, msinkhu woguluka mano, ndiye kugwedera kwa manowo sikunandidzidzimutse.

Kuchipatala chaching'ono komwe tinayambira anati muzu wa dzino wachita mafinya, natipatsa amoxicillin. Mankhwala anatha, chotupa osaphwa. Titabwererako anazula dzinolo. Mafinya sanatuluke, bala silinapole, ndipo patangopita sabata mano ena awiri akumapeto anali gwedegwede, nsagwada itakula moti nsima ankachita kuyimeza osatafuna. Mpaka lero mtima umandipweteka kuti ndinadikira masiku onsewo.

Ndinapempha kalata, tinapita ku Zomba Central. Dokotala wa mano anasinika chotupacho ndi chala, chili gwa, chosatentha, mwana osalira n'komwe. Anati, "Mayi, chotupa cha mafinya chimapweteka ndipo chimamva mankhwala. Ichi tikachijambule." Chithunzi chinaonetsa fupa lodyeka kuzungulira mizu ya mano angapo. Analemba m'buku lakuchipatala kuti tipite ku Gulupu, ku Blantyre, osagonetsa.

Kumeneko anabaya chotupacho ndi jakisoni n'kutengako tinyama tokayeza, anamutenga magazi, namuunikanso m'mimba. Zotsatira zinati ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Anandifotokozera kuti imakonda ana a m'madera a malungo ngati kwathu kuno, imakonda kuyambira m'nsagwada kapena m'mimba, ndipo imakula mofulumira kwambiri. Dzinalo ndi la Denis Burkitt, dokotala amene anailongosola mu 1958 ataona ana otupa nsagwada ku Uganda. Madokotala a ku Gulupu anatinso mwa anthu akuluakulu khansa zina za m'nsagwada zimabisala chimodzimodzi, ndipo mlomo wam'munsi ukachita dzanzi, kapena bala la pozula dzino likakana kupola, munthu akayezetse msanga.

Agogo ake ankati tipite kwa asing'anga. Ndinawayankha kuti, "Amayi, tiyeni tiyambe taona zakunozi."

Mankhwala a khansa anali a m'diripi, ndipo sitinalipire. Ine ndinali gadiyani, kugona pachitenje m'mbali mwa bedi. Anasanza, tsitsi linathothoka, koma pasanathe sabata tsaya linayamba kuphwa. Apa m'pamene munthu amakopeka kuti athawe n'kubwerera kumudzi. Anamwino anatichenjeza kuti ukadukiza imabwereranso. Tinamaliza maulendo onse, ndalama ya minibasi tikuchita kubwereka.

Pano wabwerera kusukulu. Tsiku lokamuonanso linalembedwa m'buku, ndipo bukulo ndimalisunga m'chikwama momwe ndimasunga chiphaso changa.