Chisamani chabwera, koma mlandu si wanu

Ambiri a ife amene timasunga mabuku a ndalama m'mashopu a ku Malangalanga ndi ku Area 2 mu Lilongwe timaganiza kuti chisamani cha khothi chimapita kwa wolakwa yekha. Chimafikanso kwa iwe amene unangolemba lisiti.

Ine ndimagwira za maakawunti m'shopu ya zipangizo zomangira. Kontrakitala wina, kasitomala wathu, anasemphana ndi mwini nyumba imene ankamanga ku Area 49. Mwini nyumbayo ankati simenti ndi zitsulo zimene analipira sizinafike zonse pamalopo, ndiye anakasuma ku High Court. Shopu yathu sinasumiridwe, koma kunabwera chisamani chondilamula kukaonekera ndi malisiti, ma delivery note (mapepala osonyeza kuti katundu waperekedwa) ndi buku la ngongole.

Abwana atachiona anati, "Achemwali, izi n'za eni ake. Ingochiikani m'dirowa." Ndinawayankha kuti, "Bwana, pepalali lili ndi chidindo cha khothi, ndipo dzina lili pamenepa ndi langa." Kalata ya loya yongopempha zikalata mutha kuikana. Chisamani ayi, chifukwa amene akukuitanani ndi khothi, ngakhale chitabwera ndi mthenga wa loya. Mukachinyozera mwanyoza khothi, ndipo woweruza atha kukulipitsani chindapusa kapena kulamula kuti mukagwidwe.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi buku la ngongole lija. Ndi buku lachikuto cholimba, m'makona mwake munada ndi fumbi la simenti. M'menemo muli aphunzitsi amene amabweza pakutha pa mwezi, muli mayi wamasiye amene amatenga malata awiriawiri kuti afolere nyumba ya ana ake, muli manambala awo a foni ndi ndalama imene aliyense watsala nayo. Anthu amenewa anatikhulupirira. Mkangano wa kontrakitala ukuwakhudza pati kuti umphawi wawo ukawerengedwe ndi anthu osawadziwa? Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu zimene ena amasunga. Makasitomala anga m'khothimo analibe wowalankhulira. Ndinaona kuti ngati ine sindilankhula, palibenso wina.

Tinafunsa loya amene sanali wa mbali iliyonse. Anatiuza kuti mboni imene si mwini mlandu ili ndi ufulu wake: ngati chisamani chikufuna zambiri zosakhudzana ndi nkhaniyo, mutha kulembera loya amene wakuitanitsani kuti achepetse, ndipo akakana, mutha kupempha khothi kuti lichepetse kapena lichotse chisamanicho. Chosaloledwa ndi kugamula nokha kuti tsamba ili ndibisa. Makalata a pakati pa inu ndi loya wanu pa uphungu wa zamalamulo ndi otetezedwa, koma malisiti a malonda alibe chitetezo chimenecho. Tinalembera kalata loya wa mwini nyumba uja, ndipo anavomera kuti tipereke masamba a kontrakitalayo okha, a miyezi imene ankamanga nyumbayo. Pa fotokope tinaphimba mayina a ena onse, buku lenilenilo ndinapita nalo m'chikwama changa kuti khothi likalifuna liwone.

Kontrakitala uja anandiimbira foni usiku wina. "Asisi, mundikumbukire, ndagula kwa inu zaka zambiri." Ndinamumvera chisoni, koma ndinamuuza kuti ndikanena zimene zili m'bukumo basi. Mwini nyumba nayenso, ngakhale ndi iye anandiitanitsa, sindinali mboni yomukondera. Chisamani chikangofika, musang'ambe tsamba, musakonze nambala, musalembenso lisiti imene inasowa. Kunama mutalumbira ndi mlandu wa pawokha mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, ndipo umakhala wanu ngakhale munachita kupemphedwa ndi wina.

Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya civil ku High Court, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, amagwiritsa ntchito kwambiri umboni wolemba. Loya akakulemberani sworn statement, umboni wolemba umene mumaulumbirira, werengani mzere uliwonse musanasaine, ndipo pamene alemba zimene simunaone ndi maso anu, auzeni achotse. Chimene mwaiwala, nenani kuti mwaiwala.

Ndalama yoyendera imachokera kwa mbali imene yakuitanitsani. Ifunseni poyera, musachite manyazi, si chiphuphu. Amene simungakwanitse kulipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa zamalamulo, mukafunse ngati angakuthandizeni.

Pa tsikulo mulawire, mutenge chiphaso chanu ndi chisamanicho. Milandu imatha kuimitsidwa mboni isanaitanidwe n'komwe, choncho musanachoke funsani kalaliki wa khothi tsiku lina limene laikidwa, komanso ngati woweruza wakumasulani kapena mukufunikanso kubwera.