Tikongoletse pa 6 July, koma njira yothawira moto tiisiye yotseguka

Ndimakhala ku Braamfontein, m'nyumba yogona ophunzira ya nsanjika zingapo, imene tonse timangoitchula kuti res, ndipo chaka chino anzanga adandisankha kukhala m'komiti ya nyumbayi. Amalawi tilimo ochepa, koma ikakwana 6 July aliyense amadziwa kuti tilipo: mbendera pakhoma, zitenje pamatebulo, mabaluni akuda, ofiira ndi obiriwira, nsima ndi usipa umene wina watumiziridwa pa basi. Zimenezi ine ndimazikonda ndi mtima wonse. Ukakhala kutali ndi kwanu, chipinda chochezeramo chikafanana ndi kumudzi ngakhale usiku umodzi wokha, mtima umakhala m'malo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tsiku lathu la ufulu limagwera pakati penipeni pa chisanu cha kuno ku Johannesburg. Usiku wa mu July umaluma, mvula kulibe, chilichonse chimakhala gwaa kuuma, ndipo m'chipinda chilichonse muli hita yoyaka. Pamwamba pa zonsezi ndi pamene ife timabwera ndi nsalu, mapepala ndi timagetsi tothwanima.

Ndiyambe ndi soketi. Ya pakhoma ija, ya pulagi ya mano atatu, imanyamula ma amp 16, ndipo poti magetsi a kuno ndi a ma volt 230, malire ake ndi ma watt pafupifupi 3,600. Ketulo payokha imadya pafupifupi 2,000, hita yaikulu chimodzimodzi. Ziwiri zokhazi zikayakira pamodzi, malire adutsidwa kale. Timagetsi ta LED tokongoletsera sitidya kanthu kwenikweni, koma timalanda malo pa soketi, ndiye munthu amatenga ekisitenshoni n'kuilumikiza pa inzake, hita n'kupita kumapeto kwenikweni, waya n'kubisidwa pansi pa kapeti kuti asamaoneke pa zithunzi. Waya amene akutentha atafunditsidwa palibe angamuone. Phwando lisanayambe ndimagwada n'kugwira pulagi iliyonse ndi dzanja. Ikakhala yofunda, kapena m'mbali mwa timabowo mwachita kuderako ngati mwawauka, kapena pakumveka kafungo ka pulasitiki, ekisitenshoniyo yatha ntchito. Hita ipite yokha pa soketi ya pakhoma, kutali ndi makatani.

Nkhani imene timakangana kwambiri ndi ya alamu ya utsi, kachinthu koyera kozungulira kamene kali kudenga. Chaka chatha mnyamata wina wa chaka choyamba, wochokera ku Zomba, adakhoma chitenje chokongola kudenga kuchokera pangodya kufika pangodya inzake, alamu n'kutsekeredwa m'kati. Nditamupempha kuti achitsitse adati, "Asisi, usiku umodzi wokha, chitenje chingalakwe chiyani?" Ndidamuuza kuti, "Achimwene, utsi umakwera m'mwamba, ndipo kachinthu aka ndi kamene kangakudzutseni muli m'tulo. Mukakaphimba, nyumba yonse mwaigonetsa." Adamva, chitenje chija tidachikhoma pakhoma, ndipo chidaoneka bwino kuposa poyamba. Palinso ena amene amaveka alamu sokosi kapena jumbo kuti isalire akamakazinga mandasi. Amaiwala kuivula, ndipo imakhala choncho mpaka wina ataiona. Tisaiwalenso kuti zitenje zambiri zotchipa za masiku ano n'za poliyesitala, zimene zikagwira moto zimasungunuka n'kumadontha pa anthu.

Makandulo ndiye ayi. Kuthimathima kwa magetsi kwa zaka zapitazi kudatizoloweretsa kukhala nawo m'madilowa, ndipo pa tebulo la phwando amaoneka bwino, koma pafupi pali mabaluni, mapepala ndi anthu ovina. Tinyale ta batire timagwira ntchito yomweyo. Magetsi akathima phwando lili m'kati, wina athamangire kukhitchini kukathimitsa sitovu, chifukwa akabwera palibe amene angakumbukire kuti poto wa mafuta adatsala pamoto.

Ena amati ndimalimbikira kwambiri za kolido ndi masitepe, ndipo n'zoona. Pa 31 August 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mtunda woti kuchokera kuno munthu amayenda wapansi. Anthu 76 adamwalira, kuphatikizapo ana, ndipo ena mwa iwo adali Amalawi anzathu. Nyumba ija sidali ya ophunzira, komanso moto sudayambe ndi zokongoletsa. Koma zimene zidamveka pa kafukufuku amene adatsogolera woweruza milandu Sisi Khampepe n'zoti m'kati mudagawidwa tizipinda ndi zinthu zosachedwa kuyaka, ndipo njira zothawira zidali zotsekeka. Anthu ankafuna khomo mu utsi ndi mumdima, ena mpaka kudumphira pa mawindo. Kuchokera nthawi imeneyo, ndikalowa m'nyumba iliyonse maso anga amayamba afunafuna potulukira.

Ndiye mu res yathu ndimapempha kuti m'kolido musaikidwe kanthu, kaya tebulo la zakumwa, kaya sipika, kaya mtengo wa Khirisimasi. Chikwangwani chobiriwira cha munthu wothamanga, chosonyeza potulukira, chisaphimbidwe ndi mbendera. Chitseko cholemera cha pa masitepe, chimene chimadzitseka chokha, adachiika dala kuti utsi usalowe pamene anthu athawire, ndipo ndi chomwecho chimene timakonda kuchiikira mpando kuti alendo azilowa mosavuta. Ndidaonapo chitatsekulidwa n'kutsamiritsidwa ndi chozimitsira moto chenichenicho. Pa moto wa m'nyumba, anthu ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike.

December ali ndi vuto lakelake. Mayeso akatha mu November anthu ambiri amapita kwawo, anzathu amakwera mabasi ku Park Station kudzera ku Beitbridge, ndipo otsala timakhala owerengeka m'nyumba yaikulu. Timagetsi ta Khirisimasi timasiyidwa tikuyaka m'chipinda chopanda munthu usiku wonse, chonsecho woti angamve fungo la utsi msanga palibe. Womaliza kutuluka azizula pulagi, ndipo wopita kumudzi azule zonse za m'chipinda mwake asanakhome.

Chozimitsira moto chofiira chija chili ndi kamuvi, kamene kayenera kuloza pobiriwira, ndi kapepala kosonyeza tsiku limene adachiyendera, poti chimayenera kuyenderedwa chaka ndi chaka. Pochigwiritsa ntchito umazula pini n'kupopera pansi pamene moto ukuyakira, osati pa malawi, khomo lili kumbuyo kwako. Mafuta akayaka m'poto, madzi asayandikire. Thimitsa sitovu n'kuvundikira. Moto ukakula, siya, tseka chitseko, liza alamu, tsika pa masitepe osati pa chikepe, ndipo imba nambala ya zangozi, 112 pa foni ya m'manja kapena 10177.

Pa phwando la chaka chino tagwirizana kuti tisanayambe kudya, mmodzi wa ife aime n'kuonetsa alendo makomo onse awiri ndi malo amene timakumana panja, chifukwa ambiri amachokera ku Auckland Park ndi ku Doornfontein ndipo nyumba yathu saidziwa. Zokongoletsa zonse zidzatsitsidwa m'mawa mwake, ndipo ine ndi mnyamata wa ku Zomba uja tidzayendera ma alamu onse a pa nsanjika yathu.