Malalanje a mu Kerlogue

29 Disembala, Cork

Alamu afika 8 koloko m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu, n'kunena kuti sagona, tipite ku doko la Cobh. Ndimayesa nthabwala. Munthu wachezera kutembenuza nkhalamba pabedi ndi kusintha zofunda, ulendo wa chiyani? Koma matikiti anali atagula kale pafoni, ndipo mlongo wawo, mayi a kunyumba kuno, angoti pitani ndipumeko phokoso lanu.

Kuchokera pa siteshoni ya Kent kukafika ku Cobh sipakwana theka la ola. Alamu ananyamula jumbo ya malalanje, ndipo nditawafunsa ngati tikukaona wodwala, m'pamene anayamba kufotokoza. Gogo wina wamwamuna amene amamusamalira, wa zaka zopitirira 90, tulo tinamuthawa usiku wathawu. Anawagwira dzanja n'kuwauza kuti kukacha ndi tsiku la Kerlogue. Ali mwana, nthawi ya nkhondo ya Hitler, lalanje linali chinthu chongomva kwa anzako. Ndiye kasitima kena kamalonda ka kuno ku Ireland, kotchedwa Kerlogue, kamene kanatenga malalanje ku Lisbon kanafika ku Cobh katadzaza asilikali a ku Germany.

Nkhani yake ndi iyi. Pa 28 Disembala 1943, sitima ziwiri zankhondo za Britain, Glasgow ndi Enterprise, zinamiza sitima zitatu za Germany m'nyanja ya Biscay. M'mawa mwake, tsiku ngati lero, ndege ya Germany inaona Kerlogue ikubwerera kwawo ndipo inaipempha chithandizo. Kaputeni wake, Thomas Donohue, anakhota. Anapeza anthu ali mbwee pamadzi, ena pa timaboti, ena atafa kale ndi chisanu. Kwa maola pafupifupi 10 amalinyero ake anakhala akukoka anthu, mpaka anakwana 168. Dokotala munalibe. Malalanje a eni ake aja anawafinya n'kumawapatsa madzi ake otentha. Anayi anamwalirira m'njira.

Pa doko tinapeza mphepo yolasa m'mafupa. Tchalitchi cha St Colman chili pamwamba pa phiri, tsidya linalo kuli chilumba cha Haulbowline kumene kumakhala asilikali a pamadzi a dziko lino, koma alamu analibe nazo ntchito. Anandipatsa jumbo ija n'kuyamba kuponda mapazi akuluakulu m'mbali mwa chitsulo chotchinga, akuwerenga mokweza. Atafika 43 anaima n'kutembenuka.

"Alamu, sitima yonse yathera pamenepa. Ilala ndi yaikulu."

Akudziwa chimene akunena, kwawo ndi ku Nkhotakota ndipo Ilala anaikwera kambirimbiri popita ku Likoma. Ilala ndi mamita 52. Ndinayang'ana pamene anayambira ndi pamene anaima, n'kuyesa kuikapo anthu 168 onyowa, ena otentha ndi moto, kuphatikiza eni sitima. Akuti m'chipinda cha injini anapanikizana moti amakaniko ankalephera kudutsa. Mzungu wina woyendetsa galu anatiyang'ana ngati tikuyeza puloti.

Mkangano unayamba tili mu kafe, tiyi ali m'manja. Mkulu wa asilikali opulumukawo, Joachim Quedenfeldt, anapempha kuti akawatsitse ku Brest kapena ku La Rochelle, madoko a ku France amene anali m'manja mwa Germany. Donohue anakana. A Britain nawo ankafuna sitimayo ikaime ku Fishguard, doko la kwawo, kumene anthuwo akanakhala akaidi a nkhondo. Kumenekonso sanapite. Analunjika kwawo, n'kufika ku Cobh kusanache pa 1 Januwale 1944, ndipo boma linatenga anthu 164 aja n'kukawasunga ku kampu ya Curragh, ku Kildare, mpaka nkhondo itatha mu 1945.

Alamu sakugwirizana nazo. Akuti munthu wamuvuula m'madzi, wamufunditsa bulangete lako, kenako ukamutsekere? Ireland sinali pa nkhondo ndi wina aliyense, bwanji osangowatumiza kwa amayi awo?

Ine ndinati kwa amayi awo sakanafika. Anzawo ena a tsiku lomwelo anatoledwa ndi sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi, ndipo anabwerera ku France kukapitiriza nkhondo. Dziko losatenga mbali likabweza asilikali 164 odziwa ntchito, mbali inayo iona kuti lapereka mphatso kwa mdani.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwagonjetse ndi lamulo, koma lamulolo linandisiya pamtetete. Pangano la ku Hague la 1907 limati opulumutsidwa ndi sitima yankhondo ya dziko losatenga mbali asaloledwe kubwerera ku nkhondo, ndipo otsitsidwa pa doko lake, boma litavomereza, asungidwe. Za otoledwa ndi sitima yamalonda, ngati Kerlogue, silinanene momveka, choncho maiko ankachita mosiyana. Pa 22 Sepitembala 1914 sitima imodzi ya Germany, U-9, inamiza sitima zitatu za Britain, Aboukir, Hogue ndi Cressy, ndipo anthu oposa 1,400 anafa. Sitima yamalonda ya ku Holland, Flora, inatola opulumuka 286 n'kukawatsitsa ku IJmuiden. Patangopita masiku ochepa boma la Holland linawabweza kwawo. Mwezi wotsatira, asilikali a pamadzi a Britain pafupifupi 1,500 anathawa ku Antwerp n'kudumpha malire wapansi kulowa mu Holland yemweyo. Amenewo anawasunga ku Groningen mpaka 1918.

Alamu anaseka mpaka tiyi kutayikira pa tebulo. "Ndiye kuti kulowa wonyowa ndi kulowa wouma n'zosiyana? Nanga a Kerlogue aja sanali onyowa?"

Ndinalibe poyankha. Chimene ndikuona ine n'chakuti Ireland inkayang'ana mnansi wake wamkulu. Malasha ndi katundu wambiri zinkachokera ku Britain, ndipo oyendetsa ndege a Britain ndi America amene ankagwera muno, ambiri ankangowaperekeza mwakachetechete kumalire a Northern Ireland, chigawo cha kumpoto cholamulidwa ndi Britain. A ku Germany okha ndiwo anakhala mpaka mapeto. Kusatenga mbali kwake kunali kopendekeka, ndipo sindikuwaweruza. Ife a dziko lopanda doko, amene mafuta athu amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, tikudziwa mmene umalankhulira ndi mnansi amene wagwira njira yako.

Komanso ukaidi wa ku Curragh sunali wa unyolo. Munthu ankasaina lonjezo lakuti abwera, n'kutuluka kupita ku dansi, ku kanema kapena kukamwa mowa m'tauni. Ena anakagwira ganyu, ena anaphunzira ku yunivesite ku Dublin, ena anakwatira konkuno. Nditawerenga zimenezi alamu anakhala chete pang'ono, kenako anati iwo chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi asanaponde ku Nkhotakota, ndipo palibe amene anawatsekera. Sindinafunse zambiri. Mapepala awo ali pa ofesi ina kuyambira Ogasiti.

Tisanakwere sitima anasenda lalanje limodzi pa doko pomwepo, zala zitauma ndi chisanu, n'kundigawira theka. Linali lowawasa. Otsalawo akuti apita nawo kwa gogo uja usiku uno, ngakhale anesi amamuletsa zowawasa chifukwa cha mankhwala, ndiye mwina angomupatsa kuti anunkhize.

Pobwerera anagona tisanafike ndi pa Rushbrooke pomwe, mutu uli paphewa langa, jumbo ili pamiyendo. Ndinawadzutsa pa Kent. Alowanso ntchito 8 koloko usiku uno, ndipo mlongo wawo wakalipira ine, osati iwo.