Mmene ndinasesera bwalo la tenesi ku Scotland

Ganyu ameneyu anandipezera ndi msuweni wanga, ndiye ngati pali munthu oti aimbidwe mlandu pa nkhani iyi ndi iyeyo, ine mundisiye. Nthawi imeneyo ndinali nditangofika kumene ku Scotland, sukulu isanatsegulire, mthumba muli mbee, basi anandiimbira kuti asuweni dzukani, kuli kakalabu ka tenesi kufupi ndi Edinburgh akufuna munthu othandiza madala ena amene amasamala mabwalo, nsana ukuwavuta. Ndinafunsa kuti ntchito yake ndi yotani. Akuti kukonza bwalo basi, nanga inu simunakonzepo bwalo? Ndinangoseka. Mwana okulira kwa mayi anga ku Dedza, kumene sumalawa phala usanasese pakhomo mpaka kuseli kwa khola, ungamufunse zimenezo?

Tenesi ine ndinkangoionera pa TV. Rafael Nadal ndinkamudziwa, uja anatenga chikho cha French Open cha ku Paris ka 14, ndipo ndikamuona masokosi ali psuu ndinkangoti anthu a ku Paris ndalama zonsezi koma kulephera kuthira simenti, zamanyazi.

Ndafika, mabwalo ofiira, madala aja andilandira bwinobwino atagwira mchiuno. Atangomva kuti ndachokera ku Malawi nkhope inawala, ndipo ntchito inaiwalika pomwepo. Anayamba kundifunsa ngati ndinaona zimapiri zofiira zija za ku Broxburn ndi West Calder pobwera, akuti si mapiri enieni ayi, ndi milu ya miyala ya shale imene ankaikumba nkuiwotcha kuti atulutsemo mafuta, ntchito imene inapitilira mpaka 1962, ndipo zotsala zofiira zangati zimenezo ndi zimene anthu ankaziphwanya nkuthira mmabwalo a mpira ndi a tenesi mu Scotland muno. Ndiye amene anayambitsa zamafutazo cha mma 1850, James Young, bambo wa palafini, anali mnzake wa David Livingstone ndipo ankamuthandiza ndi ndalama pa maulendo ake. Apa madala anandigwira paphewa ngati apeza m'bale wawo otayika. Livingstone, Blantyre ya kuno, Blantyre ya kwathu, nyanja, chambo amachimva bwanji, mpaka anayang'ana wotchi nkukuwa kuti achedwa kuchipatala. Anangoloza kashedi, nkuloza bwalo loyamba, akuti azimayi akubwera masana kudzasewera, likhale lili bwino. Galimoto vuu.

Onani bwino pamenepa. Za James Young ndinauzidwa zonse. Za bwalo, palibe.

Mushedi munali zinthu zambiri. Chirola chachitsulo cholemera, payipi yamadzi, kaburashi kozungulira kokhala ndi timawilo, ndi chiukonde china chachikulu chomangilira ku thabwa chili ndi chingwe, chimene ndinaona kuti mwina ndi neti yakale yotha ntchito. Kukona kunali tsache lolimba lija amasesera poimika magalimoto, fosholo ndi wilibala. Zitatu zimenezi ndiye ndinazizindikira, tinapatsana moni.

Nditalowa mubwalo muja ndinamva chisoni. Fumbi abale. Paliponse fumbi lofiira losakanikirana ndi timiyala ting'onoting'ono, mapazi a anthu ali mbwee, mizere yoyera ija mwina ikuoneka mwina yakwiririka. Ndinati madala awa nsana wawapwetekadi, chaka chino sanasesepo. Ndinapalasa ndi nsapato nkuona kuti pansi pake pali polimba bwino, posalala, ngati khonde lozira kumene. Ndinati ehee, bwalo lenileni ndi ili, lero aona mmene timachitira kwathu.

Musamalione pa TV bwalo la tenesi nkumati ndi laling'ono. Posewerera penipeni ndi mamita 23.77 mulitali ndi 10.97 mulifupi, koma ukaphatikiza kothamangira kuseli ndi mmbali mpaka kuwaya zimafika cha mma 36 ndi 18, ndiye lonselo ine ndi tsache, kuyambira kukona, kuunjika timilu, fosholo, wilibala, kukataya kuseli kwa mpanda wamaluwa pamene panali kale mulu wa udzu ometa ndi masamba. Kunkazizira koma jekete ndinavula. Mizere ija ndinapeza kuti si penti, ndi matepi okhomera ndi misomali, ndipo nditachotsa fumbi lonse inatsala itatukuka pamwamba, yoyera mbee, yokongola zedi. Nditamaliza ndinayala chiukonde chija pansi pa mtengo, kukhalapo, kudya buledi wanga, nkujambula bwalo kutumizira msuweni pa WhatsApp. Anayankha ndi chala chokweza. Umboni ndili nawo mpaka pano.

Azimayi anafika anayi, achikulire ndithu, timasiketi toyera. Anaima pageti phee. Mmodzi anati bwaloli likuoneka mosiyana lero, ine nkuti zikomo mayi, pang'ono pokha. Anthu a kuno satha kukalipa, ndiye anayang'anana nkulowa basi.

Mpira oyamba unadumpha nkuthawa ngati wakwiya. Wachiwiri unagunda mmphepete mwa tepi yotukuka ija nkukhotera kwina kwake, kukapezeka kuwaya. Kenako mayi wina wamtali anathamangira mpira nkutambasula mwendo kuti atsetsereke mmene anazolowera, koma nsapato inangoti gwa pamalo amodzi, iwo thupi linapitilira, anakagwira neti ndi manja onse awiri kukhala ngati akuyanika zovala. Sanavulale, ndinathokoza Mulungu chamumtima, komabe ndinkaona ngati vuto ndi ukalamba. Zinafika poipa pa mpira wina umene unagwera pafupi ndi mzere. Awa akuti watuluka, awo akuti uli mkati, onse anayi anapita kukawerama pamalopo kufunafuna chinachake pansi. Ine ndinaganiza kuti wina wagwetsa ndolo, ndinapita kukawathandiza kufuna. Kumeneko nkumene ndinamva koyamba kuti pabwalo ladothi mpira umasiya chidindo pa fumbi, mkangano ukabuka mumangopita kukaona, ngakhale ku French Open oyimbira amatsika pampando wake wautali uja kukaloza ndi chala. Tsono apa fumbi linali kuti? Mayi wamtali uja anandiyang'ana, nkuyang'ana tsache, nkuyang'ana kanjira kofiira ka tayala la wilibala kolowera kumaluwa.

Madala anafika nthawi yomweyo. Anatsika mugalimoto akumwetulira, atayandikira waya kumwetulira kunatha, dzanja linachoka mchiuno nkupita pamutu. Anangofunsa funso limodzi, mwaulemu kwambiri, kuti mwana wanga, bwalo langa walipititsa kuti?

Ndiye phunziro limene likanabwera mmawa linabwera madzulo. Fumbi lija si litsiro, ndi logula, limabwera mmatumba, njerwa zogaya mpaka kusalala, ndipo kalabu imachita kukhalira komiti kuti itulutse ndalama zake. Ku Roland Garros komwe, kumene kumachitikira French Open, kufiira konse kuja ndi mamilimita awiri okha a njerwa zogaya, pansi pake pali miyala ya laimu yoyera yotsendera, kenako makala otsala mu ng'anjo, kenako miyala ikuluikulu kuti madzi azitsika. Kagawo kapamwambako ndi kamene kamapangitsa kuti munthu atsetsereke osapweteka mawondo, mpira uchepe liwiro, komanso pansi pasaume nkung'aluka. Chofunika chinali kukoka chiukonde chija, inde chomwe ndinadyerapo buledi, kuzungulira bwalo kuti fumbi lifanane paliponse, kudutsitsa kaburashi ka timawilo pa mizere pokha, kuwaza madzi pang'ono, mwinanso kuyendetsa rola. Ntchito ya mphindi zochepa. Ine ndinathera mmawa onse kuphwasula.

Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu ukasiya fumbi chonchi pakhomo apongozi amabwerera panjira, ndipo palibe anandiuza, koma madala ankangoyang'ana mulu uja kuseli kwa mpanda, udzu pansi, fumbi pamwamba, masamba pakati, ndi zina zimene agalu a anthu oyenda mmawa anasiyamo zomwe sinditchula pano.

Sanandithamangitse, chimene mpaka lero sindimvetsa. Anakatenga sefa ya waya nkundipatsa. Masiku otsatira ndinali pa mulu paja kusefa fumbi la azungu fosholo imodzi imodzi, kulibweza ndi wilibala yomwe ija, kumwaza, kukoka ukonde, kuthirira, kukankha chirola, madala atakhala pampando ndi tiyi akuloza ndi ndodo kuti apo pachepa, apo pachuluka. Madzulo ndikakwera basi anthu ankandisiyira mpando onse, tsitsi lofiira, nsidze zofiira, mayi wina mpaka anandifunsa ngati ndikufuna ambulansi. Msuweni wanga foni osayankha, atayankha akuti iye chala chija anakweza poyamikira kamera.

Bwalo linabwerera mwakale, azimayi aja anayambanso kutsetsereka ndi kukangana ndi umboni, mayi wamtali uja mpaka anandibweretsera keke. Ndinati zatha.

Kunja kutayamba kufunda madala anandiimbira mmawa, mawu ali ozizira. Akuti bwera udzaone. Sefa ija imagwira masamba ndi timitengo, koma njere za udzu zimadutsa bwinobwino, ndipo ine ndinali nditazimwaza mofanana bwalo lonse, nkuzithirira tsiku ndi tsiku, nkuzitsendera ndi rola mwachikondi. Bwalo loyamba lonse linali litamera kaudzu kobiriwira, kuyambira kuneti mpaka kuwaya, ena awiri aja ali ofiira bwinobwino. Mayi wamtali uja anali pageti akuseka mpaka kugwira waya, akuti kalabu yathu tsopano ili ndi Wimbledon yakeyake, kunena mpikisano wa ku London umene amasewerera pa udzu.

Ndinafunsa madala ngati mushedi muli khasu. Anatulutsa kiyi, kukhoma shedi ine ndikuona, kiyi mthumba, nkundipatsa kampeni kodyera ndi kabeseni, akuti uzule umodzi umodzi ndi manja, ndipo ukafuna kugwira chida china chilichonse pamalo pano uyambe wandiimbira.